Mitsempha sinaduke, nanga miyendo ikukaniranji?

"Adokotala, ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina ku Ngabu. Mchimwene wanga wamng'ono, wa zaka 29, amadula nzimbe cha ku Nchalo. Anatsegula m'mimba masiku atatu n'kuchira. Patapita milungu iwiri anayamba kumva dzanzi kumapazi ngati mukuyenda nyerere, ndipo pasanathe masiku asanu miyendo inali itakana, manja nawo atalefuka moti kapu ya tiyi imamupulumuka. Ku Chikwawa anatitumiza ku Queens, komwe anagonekedwa milungu itatu. Anatiuza kuti ndi matenda a Guillain-Barré, ati mitsempha sinaduke koma uthenga sukudutsa. Tsopano ali kunyumba, papita milungu 6 chiyambireni. Zala zakumanja zayamba kugwira koma sakuimirira. Amayi ndi amalume akuti analodzedwa kuntchito, tipite naye kwa sing'anga akamuteme mphini. Ine chaka ndi chaka ndimajambula mtsempha pa bolodi, ndi myelin yake ndi mfundo za Ranvier, koma ndalephera kuwayankha. Ngati sinaduke, chawonongeka n'chiyani? Adzayendanso?"

Aphunzitsi, pepani kwambiri ndi matendawa. Si chapafupi kunyamula munthu wamkulu, amene dzana lomweli ankasenza mitolo ya nzimbe, kupita naye kuchimbudzi. Ndiyambe ndi mawu amene mwawalemba mongodutsa, oti zala zakumanja zayamba kugwira. Kwa ine amenewo ndiwo mawu akulu m'kalata yanu yonse. Matendawa ali ndi kayendedwe kake: amakwera kwa milungu iwiri, akachulutsa inayi, kenako amaima kwa kanthawi, n'kuyamba kubwerera. Pobwerera, mphamvu kawirikawiri imayambira kumtunda, mapewa ndi manja kaye, mapazi pomalizira. Mwa odwala 10, pafupifupi 8 amakhala akuyenda okha ikamatha miyezi 6. Achimwene anuwo sindinawagwire ndi manja anga, choncho sindingakulonjezeni tsiku, koma zimene mwalembazi ndi za munthu amene wadutsa pachimake pa matendawa.

Tsopano ku funso lanu. Tumani mwana akutengereni nzimbe imodzi, muigwire pamene mukuwerenga. Onani khungu lake losalala, lolimba, lopanda potulukira, kenako mfundo, kenako khungu losalalanso, kenako mfundo ina. Achimwene anu akudziwa bwino kuti ukabzala nzimbe, mphukira ndi mizu sizituluka paliponse ayi, zimatulukira pa mfundo pokha, pamene pali diso. Ulusi wa mtsempha, umene m'kalasi mumautcha axon, ndi wotero. Umene umasuntha chala chakuphazi umachokera m'munsi mwa msana ndipo ndi wautali pafupifupi mita imodzi. M'njira yonseyo maselo otchedwa Schwann aukulunga ndi chikuto cha mafuta chotchedwa myelin, selo lililonse kachigawo kake, kotalika milimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Pamene selo limodzi lathera ndi pamene linzake layambira pamatsala kampata kosakulungidwa, kamene ndiko mfundo ya mtsempha, kotalika gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a milimita. Amene anakafotokoza ndi Louis-Antoine Ranvier wa ku France m'zaka za m'ma 1870, ndipo moyo wonse wa uthenga uli pa kampata kameneka.

Timakonda kuyerekeza mtsempha ndi waya wa ESCOM, koma fanizoli limasocheretsa. Mu waya, magetsi amangoyenda. Mu mtsempha, uthenga umafooka ukayenda pang'ono, ndiye umayenera kuyatsidwanso, ndipo choyatsira chake ndi mchere. Kunja kwa axon kuli sodiyamu wambiri, mkati muli potaziyamu wambiri. Pakhungu la axon pali tizipata ting'onoting'ono topangidwa ndi mapuloteni. Uthenga ukafika, zipata za sodiyamu zimatseguka kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, sodiyamu n'kukhamukira mkati, ndipo kukhamukako ndiko kumatsegula zipata za kutsogolo. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley ndiwo analongosola zimenezi mu 1952, poyeza mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid. Mukakazulitsa dzino, jakisoni wa dzanzi uja ntchito yake ndi kutseka zipata za sodiyamu zomwezi. Mtsempha wa m'kamwa sunaduke, koma simumva kanthu. Sungani chitsanzo chimenechi, chifukwa n'chimene amalume angachimve msanga.

Pa ulusi wokulungidwa, zipata za sodiyamu zaunjikana pa mfundo, zoposa 1,000 pa kamalo kamene mlifupi ndi mlitali mwake ndi gawo limodzi mwa 1,000 la milimita, pamene pansi pa myelin ndi zowerengeka chabe. N'chifukwa chake uthenga umadumpha kuchoka pa mfundo kufika pa mfundo, ndipo pa ulusi wonenepa umathamanga mamita oposa 100 pa sekondi, pamene pa ulusi wosakulungidwa umakwawa mita imodzi kapena awiri. Buku la kusekondale limathera pamenepa. Koma funso limene silifunsa ndilo lagona pa matenda a achimwene anu: n'chiyani chimene chimasunga zipatazo pa mfundo?

Funsoli ndi lenileni chifukwa khungu la selo si khoma la njerwa. Ndi la mafuta, lamadzimadzi, ndipo puloteni imene sinamangidwe imayandama ndi kutengeka ngati namasupuni pa Shire. Zipata zikanasiyidwa zokha zikanamwazika ulusi wonse. Chimene chimazigwira ndi mapuloteni omata, amene mutu wake uli kunja kwa selo kugwirana ndi selo loyandikana nalo, ndipo mchira wake uli mkati kugwira mafupa a selo. Mayina ake ndi achilendo, koma ndikupatsani momwemo, popeza ndinu mphunzitsi ndipo mudzawapeza mukamawerenga.

Pa mfundo penipeni, selo la Schwann limatambasula tinthu tonga zala tozungulira axon. Pa tizala timeneti pali puloteni yotchedwa gliomedin pamodzi ndi inzake NrCAM. Zimenezi zimagwira puloteni ya pakhungu la axon yotchedwa neurofascin 186. Neurofascin ikagwidwa kunjako siyendanso, imakhala ngati chikhomo chokhomedwa pa dooko. Mchira wake mkati mwa axon umakola puloteni ina yaikulu, ankyrin G, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nangula. Ankyrin G ndiyo imagwira zipata za sodiyamu chimodzichimodzi, ndipo nayonso imamangiriridwa ku puloteni yonga ukonde yotchedwa spectrin, imene yayala pansi pa khungu la axon. Choncho chipata chilichonse chili ngati bwato lomangidwa: chingwe ndi ankyrin, chikhomo ndi neurofascin, ndipo wogwirizira chikhomocho kuti chisazuke ndi selo la Schwann. Mwana akamakula, selo la Schwann likamakulunga ulusi ndi kutalika, limasonkhanitsa zipata kumapeto kwake konse kuwiri. Maselo awiri oyandikana akakumana, magulu awiri a zipata amaphatikizana, mfundo n'kubadwa.

Kumangirira kokha sikukwanira, pafunikanso mpanda. Mbali zonse ziwiri za mfundo, pamalo otchedwa paranode, mphepete mwa myelin mumamatirira ku axon mozungulira, mzere pa mzere. Omata pamenepa ndi atatu: Caspr ndi contactin kumbali ya axon, neurofascin 155 kumbali ya selo la Schwann. Mpanda umenewu uli ndi ntchito ziwiri. Umatseka mpata kuti mphamvu imene yayatsidwa pa mfundo isatayikire pansi pa myelin. Komanso umalekanitsa ziweto, ngati mmene mlimi wa kwanuko amapatulira ana a ng'ombe madzulo. Zipata za sodiyamu zimakhala m'khola la pa mfundo, pamene zipata zina za potaziyamu zimakhala kuseri kwa mpanda, zobisika pansi pa myelin, zomangidwa ndi omata awoawo, Caspr2 ndi contactin 2. Zipata za potaziyamu ntchito yake ndi kuzimitsa. Mpanda ukagwa zimasendera kufupi ndi mfundo, ndiye woyatsa ndi wozimitsa amakhala pamalo amodzi.

Zimenezi sizongoganizira. Mu 2005 akatswiri a ku Edinburgh anaonetsa kuti mbewa zobadwa zopanda neurofascin zimakulunga myelin ndithu, koma zipata za sodiyamu siziunjikana pa mfundo, uthenga umayenda mwaulesi, ndipo mbewazo zimafa zikangokwanitsa mlungu umodzi. Chaka chomwecho a ku Weizmann Institute ku Israel anafotokoza za gliomedin, ndipo mu 2010 anapeza chinthu chimene ine chimandilimbitsa mtima ndikaima pambali pa bedi la wodwala. Mbewa zopanda gliomedin zinkapangabe mfundo, chifukwa mpanda uja pawokha unkatha kukusa zipata ndi kuzikankhira pamodzi. Ndiye kuti thupi lili ndi njira ziwiri zomangira chinthu chimodzi. Pamwamba pa zimenezo, mfundo yathanzi imatumiza mphamvu yoposa yofunikira pa mfundo yotsatira kasanu kapena kuposerapo. Pamafunika kuwonongeka kwakukulu kuti uthenga uime, ndipo pamafunika kukonza kochepa chabe kuti uyambirenso.

Nanga kutsegula m'mimba kukugwirizana bwanji ndi zimenezi? Kachilombo kamene kamatsogolera matendawa kawirikawiri ndi bakiteriya wotchedwa Campylobacter jejuni, amene amakhala m'matumbo a nkhuku ndi ziweto zina, ndipo amatilowa kudzera mu nyama yosapsetsa, mkaka wosawiritsa ndi madzi oipitsidwa. Mitundu ina ya kachilomboka ili ndi chovala cha shuga chofanana kwambiri ndi mafuta ena a pakhungu la mitsempha yathu, otchedwa GM1, amene ndi ochuluka pa mfundo za mitsempha yosuntha minofu. Asilikali a m'thupi amasula mivi, imene timaitcha ma antibody, yolasira kachilomboko. Kachilombo kamafa, m'mimba mumaleka. Koma kusula mivi kumatenga mlungu umodzi kapena itatu, ndipo mwa anthu ochepa kwambiri miviyo imalasanso mfundo, amene ndi malo pamene axon ili pambalambanda. Ikamatirira pamenepo imaitana gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement, limene ntchito yake ndi kuboola khungu la tizilombo. Mu 2007 izi zinaonedwa bwino pa akalulu: zipata za sodiyamu zinamwazika, omata a pa mpanda anamasuka, mfundo zinatalika, pamene ulusi weniweniwo unali ukadalipo. Ndiko kusaduka kumene anakuuzani kuja. Milungu iwiri imene inadutsa pakati pa kutsegula m'mimba ndi dzanzi si ya munthu amene ankakonza mankhwala kumbali, ndi nthawi imene thupi linkasula mivi. Mtundu uwu wa matendawa unadziwika bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pakati pa ana a m'midzi ya kumpoto kwa China, amene ankadwala nyengo yotentha, pomwe matendawo mwa iwo okha anafotokozedwa kale mu 1916 ndi Georges Guillain, Jean Alexandre Barré ndi André Strohl pa asilikali awiri a ku France. Si a ku Nchalo kokha ayi. Chaka chilichonse amagwira munthu mmodzi kapena awiri mwa anthu 100,000.

Kuti achimwene adzayenda liti zikudalira kuti miviyo inalowa mozama bwanji, ndipo apa ndilankhule mosabisa. Ngati zimene zinamasuka ndi zomangira za pa mfundo zokha, miviyo ikatha m'magazi omata amagwirananso, zipata zimabwerera m'khola, ndipo munthu amadzuka m'milungu yowerengeka. Ndinaonapo mnyamata amene analowa m'wodi atanyamulidwa pa mkeka, mwezi usanathe n'kutuluka akuyenda ndi ndodo. Ngati myelin inasendeka, maselo a Schwann amaswana ndi kukulunganso ulusi, zigawo zatsopanozo zimakhala zazifupi ndi zopyapyala kuposa zakale, ndipo pamapangidwa mfundo zatsopano ndi mapuloteni omwe aja a ku ubwana. Zimenezo zimatenga milungu ingapo mpaka miyezi. Koma ngati kuboolako kunapitirira mpaka ulusi wina unafa, umayenera kumeranso, ndipo umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku. Werengani nokha: kuchokera pabondo kufika kuphazi ndi masentimita 40 kapena kuposa, ndiye kuti masiku 400. Odwala ena amakhala ndi zimenezi mosakanikirana, n'chifukwa chake manja amachira msanga koma mapazi n'kumakokabe. Matenda amene anayamba ndi kutsegula m'mimba amakonda kukhala olimbirapo, ndipo mwa odwala 5 mmodzi amakhala asanayambe kuyenda yekha pa miyezi 6. Chimene chili kumbali ya achimwene anu ndi msinkhu wawo, komanso kuti akusintha kale. Kuchira kumapitirira mpaka chaka chachiwiri, choncho mwezi wachitatu ukadzafika asanaime musadzataye mtima.

Simunanene ngati analandira mankhwala a mu diripi otchedwa IVIG kapena kusefedwa madzi a m'magazi. Njira ziwirizi ndizo zimafulumizitsa kuchira, pochotsa kapena kufooketsa mivi ija, koma zimathandiza zikaperekedwa koyambirira, m'milungu iwiri kapena inayi yoyamba. Ndi zodula kwambiri ndipo sizipezeka wamba. Ngati sanalandire musadziimbe mlandu, ndipo musagulitse ng'ombe kuti muzisake tsopano, nthawi yake inapita ndipo ambiri amachira ndi chisamaliro chokha. Musawagulirenso prednisolone kusitolo ya mankhwala poganiza kuti awapatsa mphamvu. Pa Guillain-Barré sathandiza.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchiyang'anire ndi diso la mphunzitsi. Guillain-Barré sapitirira kukwera ikadutsa milungu inayi. Munthu akamafookerabe pa mlungu wa 8, kapena akamachira n'kugwanso kangapo, timaganizira matenda apachibale okhalitsa otchedwa CIDP, amene mankhwala ake ndi ena ndipo prednisolone amathandiza. M'gulu limenelo munapezekanso anthu ochepa amene mivi yawo imalasa omata enieniwo, contactin, Caspr kapena neurofascin 155, n'kumatula mpanda popanda kusenda myelin. Kuyambira 2021 akatswiri anawapatula ngati matenda apaokha. Otere amakonda kunjenjemera manja kwambiri, kudzandira poyenda, ena kutupa mapazi ndi nkhope chifukwa impso nazo zakhudzidwa, ndipo IVIG sawathandiza kwenikweni. Ndi osowa, sindikunena kuti achimwene ali nawo. Koma mukaona zala zimene zinayamba kugwira zikulekanso, bwererani ku Queens msanga ndi buku lawo lakuchipatala.

Zina sizofunika kudikira kuti kuche. Minofu yopumira ndi yomezera nayo imayendetsedwa ndi mitsempha yomweyi, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi amafunika makina othandizira kupuma matendawa ali pachimake. Achimwene anu anadutsa pamenepo, koma dziwani zizindikiro zake, chifukwa chibayo chikhoza kuwabwezera m'mbuyo, komanso mawa akhoza kukhala mwana wa m'kalasi mwanu. Auzeni akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza: akalephera kufika 20, ndi ngozi. Chimodzimodzi akamalephera kudzutsa mutu pa pilo, akamatsamwa ndi phala kapena madzi, chifuwa chikakhala chopanda mphamvu, mtima ukamathamanga kapena kuchedwa modabwitsa, akamachita chizungulire chogwetsa pokhala tsonga, mkodzo ukakana kutuluka, kapena mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka kukatumba. Kuchokera ku Ngabu kukafika ku Blantyre ndi mtunda, ndi chikweza cha pa Thabwa pakati, choncho wodwala wotere amanyamuka akadapuma bwino.

Ndiwonjezereko za owerenga ena a kuchigwa kuno, kuti asamati aliyense wofooka miyendo ndi Guillain-Barré. Potaziyamu akatha m'magazi chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena kolera, miyendo imalefuka mofanana, ndipo zimenezo zimakonzeka m'masiku awiri. Likodzo, limene ndi lofala kwa asodzi a ku Elephant Marsh ndi ogwira ntchito m'ngalande zothirira, mazira ake nthawi zina amakafika mu mtsempha wa m'msana. TB ya mafupa a msana nayo imapanikiza pomwepo. Awiriwa amadziwika ndi dzanzi lokhala ndi malire ngati lamba pamimba, ndi kuvuta kwa mkodzo kuyambira pachiyambi. Mankhwala opopera thonje, kachasu, shuga ndi khate nazo zimadya mitsempha, chilichonse mwa njira yake. Guillain-Barré amathanso kubwera munthu atangotenga HIV kumene, choncho kuyezetsa magazi ndi mbali ya chithandizo, si kumuganizira munthu zoipa. Madzi a pamsana, amene anthu ambiri amawaopa, amatengedwa pansi pa pamene mtsempha wa m'msana unathera, ndipo ndi amene amatithandiza kusiyanitsa matendawa: pa Guillain-Barré timapezamo mapuloteni ambiri koma maselo ochepa. Ndipo mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene walefuka chiwalo mwadzidzidzi adziwike kwa alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, kuti chimbudzi chake chikayezedwe poliyo. Tisaiwale kuti mu February 2022 poliyo anapezekanso ku Lilongwe patatha zaka 30.

Tsopano ntchito ya pakhomo, imene kwa ine ndiyo mankhwala enieni a mwezi uno. Mitsempha ikudzikonza yokha, inu simungaifulumizitse. Chimene mungachite ndi kuonetsetsa kuti uthenga ukadzafika udzapeze mfundo za mafupa zikupindika ndi khungu lili lamphumphu. Kawiri kapena katatu patsiku pindani ndi kuwongola chiuno, mawondo, akakolo ndi zala zonse, pang'onopang'ono, osakakamiza. Phazi likasiyidwa limagwa chogwada n'kuuma momwemo, ndipo ndaona anthu amene mitsempha inachira koma osaponda pansi ndi chidendene chifukwa cha zimenezi. Akagona, tsamiritsani mapazi ku thabwa lokutidwa ndi chitenje kuti aime ngati munthu waponda pansi. Atembenuzeni maola awiri alionse ngati sangathe okha, ndipo poasambitsa yang'anani pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene. Malo ofiira kapena akuda amene sakusintha mukawadina ndi chiyambi cha chilonda. Pitani nawo kwa a mafizo pa chipatala cha boma akuphunzitseni ndi manja, ndipo funsani ngati angatumizidwe ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ikafika nthawi yophunzira kuima. Achite masewero mpaka atatopa pang'ono, osati mpaka mawa lake n'kudzuka ofooka kuposa dzulo. Anyamata a ntchito zamphamvu amalakwitsa pamenepa, amafuna kulimbana nawo matenda ngati mzere wa nzimbe.

Ululu ulipo ndithu pa matendawa, wa msana, wa m'ntchafu, ndi wina wotentha kumapazi usiku. Si chizindikiro choti akuipiraipira, ndipo nthawi zina umakula pamene mitsempha ikudzuka. Panado yekha sakwanira. Akuchipatala ali ndi mankhwala a ululu wa mitsempha monga amitriptyline kapena gabapentin, koma awalembere ndi iwowo atawayeza mtima ndi BP. Mudzaonanso kuti masana a October, Ngabu ikamawira kupitirira madigiri 40, mphamvu imachepa, madzulo n'kubwerera. Chifukwa chake chili pa mfundo pomwe paja: kutentha kumafupikitsa nthawi imene chipata cha sodiyamu chimakhala chotseguka, ndiye mfundo imene ikungokwanitsa movutikira imalephera. Si kuyambiranso kwa matenda. Akhale pamthunzi, amwe madzi okwanira, muwapukute ndi nsalu yonyowa, mafizo achitike m'mawa. Phazi la dzanzi silimva mchenga wotentha, mbaula ngakhale madzi othowera, choncho asaponde pansi opanda nsapato ndipo madzi muziwayesa ndi chigongono chanu. Agone m'neti usiku uliwonse, malungo asawapeze ali chonchi.

Za amayi ndi amalume, musalimbane nawo ngati muli m'kalasi. Iwo aona mnyamata wamphamvu akugwa m'masiku asanu popanda bala, ndipo akufuna kuchitapo kanthu. Khalani nawo pansi ndi nzimbe ija. Aonetseni mfundo, muwafunse chimene chimachitika ukabzala nzimbe yoti maso ake akhadzulidwa. Akumbutseni za jakisoni wa dzino. Kenako apatseni ntchito: amayi akhale oyang'anira khungu ndi phala, amalume akhale owongola miyendo m'mawa. Akafuna mapemphero, apemphere ndithu. Koma ziwiri muzikane mwaulemu ndi molimba: mphini pa miyendo ya dzanzi, chifukwa bala la pamenepo limaola munthu osamva, ndi mankhwala akumwa otsegula m'mimba kapena osanzitsa, chifukwa amachotsa potaziyamu yemwe mitsempha ndi mtima zikumudalira, ndipo munthu womeza movutikira akasanza zimalowa m'mapapo. Auzeninso kuti matendawa sapatsirana, si akumtundu, ndipo amabwereranso mwa anthu ochepa kwambiri, osaposa 5 mwa 100. Akazi awo ndi ana adye nawo mbale imodzi mopanda mantha. Chimene banja lingasamale ndi kachilombo kaja: nkhuku ndi kanyenya zipse mpaka mkati, mkaka uwire, madzi athiridwe kolorini makamaka nyengo ya madzi osefukira pamene zimbudzi zimagwa ndi mijigo kumira.

Pomaliza, tengani kope limodzi la ana asukulu. Lamlungu lililonse m'mawa, kusanatenthe, lembani zinthu zomwezomwezo: afika pa nambala iti ndi mpweya umodzi, akutha kumanga batani la malaya kapena ayi, akukhala tsonga osagwira kwa mphindi zingati, akutha kukoka chidendene pa mkeka, chala chachikulu chakuphazi chikugwedezeka kapena ayi. Tsiku ndi tsiku simudzaona kusintha, ndipo iwo eniake adzakuuzani kuti palibe chikuchitika, koma mukadzatsegula tsamba la milungu itatu yapitayo mudzawaonetsa. Kopelo mupite nalo pa tsiku limene anakupatsani lokaonananso ndi dokotala, ndipo mukaona manambala akutsika milungu iwiri yotsatizana musadikire tsikulo.